Nyale ya Pathanki ya Mwana Wathu

Mwana wathu wachiwiri atamwalira, katundu wake tinakagawira ku Liwonde, m'kanyumba kamene ankachita lendi. Ine ndinakhala pampando pakhomo ndi kope pamwendo, kulemba chinthu chilichonse ndi munthu amene wachitenga. Abale ndimawadziwa. Pakatha chaka aliyense amakana kuti sanatengepo kanthu. Njinga inapita kwa mkulu wake, matiresi ndi mapoto kwa mlongo wake, zovala anagawana asuweni.

Pakona panali thanki yagalasi, yaing'ono, yolowa madzi a ndowa ziwiri. Mwanayo ankagwira ntchito panyumba ina yogona alendo m'mbali mwa Shire, ndipo imodzi mwa ntchito zake inali kusamala thanki yaikulu ya nsomba pamalo olandirira alendo. Yakeyi anaimata yekha ndi zidutswa za magalasi a mawindo. Munali tinsomba tisanu ndi kamodzi ta michira yamawanga, ndi zomera za mitundu itatu zimene anadzala mumchenga ndi manja ake: udzu wa masamba aatali osalala, china chofewa ngati nthenga, ndi china cha masamba otambalala chimene anachimangirira kumwala. Pamwamba pake panali nyale yoyera, yaitali molingana ndi thankiyo, yokhala ndi kabatire kakekake.

Malume ake a mwanayo, mchimwene wa akazi anga wochokera ku Chikweo, anamasula nyaleyo n'kuipinda m'chitenje pamodzi ndi batire.

"Alamu," ndinatero, "nyaleyo ndi ya pathankipo."

"Nsombazi zili ndi mayeso chaka chino?" anandiyankha. "Kwathu kuli ana akuwerengera koloboyi."

Anthu anaseka, pamaliro pomwepo. Kwathu kuno, pa zinthu za mwana, mawu a malume amalemera kuposa a bambo womubala. Ndinangolemba m'kope kuti nyale ndi batire zapita ku Chikweo, n'kudula mzere kunsi kwake kawiri. Thankiyo panalibe anaifuna. Wina anati tinsombato sitingakwane ndiwo ngakhale za mphaka. Mapepala a malemu nawonso panalibe anawafuna. Ndinatenga zonse ziwiri.

Tinsomba tinayenda m'ndowa, madzi m'zigubu, thanki pamiyendo panga, minibasi ziwiri mpaka kwathu ku Phalula. Njira yonse ndinkangoganiza chinthu chimodzi. Njinga idzatha, matiresi adzang'ambika. Pa zonse zimene mwanayo anasiya, zomera zimenezi ndi zokhazo zimene zinali kukulabe, ndipo ndinatsimikiza kuti sizifera m'manja mwanga.

Cholakwa choyamba chinali changa, ndipo sindichibisa. Ndinagwira ntchito ya ulangizi wa thonje zaka zambiri, kuyenda m'midzi ya Balaka panjinga kuuza alimi kuti asadzale pansi pa mitengo. Kwa ine mbewu inali mbewu, ndipo mbewu imafuna dzuwa. Ndinaika thanki pakhonde, mbali imene dzuwa limaomba kuyambira m'mawa. Sabata isanathe madzi anabiriwira ngati a pachithaphwi. Ndere zinamata magalasi onse, zinakutanso masamba. Masana ukaviika chala, madzi ankakhala ofunda ngati tiyi wotsala m'kapu. Tinsomba tiwiri ndinatipeza titayandama chagada.

Apo m'pamene ndinakhala pansi n'kuyamba kusanthula mapepala a mwana uja limodzi ndi limodzi. Pakati pa makalata a kuntchito ndi makadi a kusikelo a kalekale panali tsamba long'ambidwa m'kope, lolembedwa ndi dzanja lake lopendekera kumanzere lija. Linati: "Osaika padzuwa. Nyale ikhale yoyera, osati yachikasu, ndipo italike molingana ndi thanki. Maola asanu ndi atatu basi, kenako kuzimitsa. Ndere zikachuluka, kuwala kwachuluka. Masamba akamayezuka n'kumasungunuka, kuwala kwachepa."

Ndinaliwerenga katatu, n'kuliika mu envelopu, envelopuyo m'bokosi langa lachitsulo mmene mumakhala mapepala onse a m'nyumba muno kuyambira kalata yathu ya ukwati. Akazi anga sindinawaonetse. Masiku amenewo akangoona chinthu cholembedwa ndi mwanayo ankalowa kuchipinda n'kukhala komweko mpaka madzulo, ndiye ndinaona ngati ndikuwachitira chifundo.

Thanki ndinaitsuka n'kuilowetsa pabalaza, pakona yakutali ndi windo. Nyumba yathu ili ndi sola imodzi padenga ndi batire limodzi, zokwanira mababu atatu, wailesi ndi kutchaja mafoni. Poyamba ndinalendewetsa babu la m'nyumba momwemo, ngakhale linali lachikasu, podikira kuti ndipeze mpata wopita kutauni. Ndinakhazikitsa ndondomeko. Seveni koloko ndinkayatsa nyale n'kupita kudimba kwanga kwa tomato. Fili koloko ndinkabwera n'kuizimitsa. Nthawi zonse ziwiri ndinkazilemba m'kope. Kudyetsa tinsomba inali ntchito ya akazi anga, ankachita zimenezi nthawi ya nkhomaliro, ine ndili kudimba.

Ndere zinatha, koma masamba anayamba kuyezuka. Sindinadabwe, popeza pepala linali litanena kale za nyale yachikasu. Ndinayeza kutalika kwa thanki ndi chingwe, n'kudula chingwecho pamuyezo wake, n'kukwera minibasi ya ku Liwonde.

Pafupi ndi pokwerera minibasi pali kashopu ka zamagetsi. Mwini wake ndi bambo wa ndevu zometedwa bwino, wovala kachipewa koyera, wolankhula Chiyao ndi kasitomala mmodzi, Chichewa ndi wina, osapumira. Ndinamufotokozera chimene ndinkafuna.

"Ambuje," anatero, "ine ndagulitsa nyale za m'khola la nkhuku, za pachiwaya cha chipisi, za mumzikiti ndi za m'tchalitchi. Za udzu wa m'madzi, ndi lero."

Anatulutsa chingwe cha timababu tosinthasintha, tofiira, tabuluu, tobiriwira, n'kutiyatsa. "Izi nsomba zanu zizivina."

"Kwanga si kubala," ndinatero. "Ndikufuna yoyera, yaitali chonchi." Ndinayala chingwe changa patebulo.

Anafufuza m'makatoni n'kupeza nyale yopyapyala ngati rula, yoyera mbee, yoyendera batire la sola. Inali yofupikirapo pang'ono kuposa chingwe, mwina ndi chala chimodzi. Ndinamuuza kuti andilembere lisiti. Anati alibe buku la malisiti. Ndinang'amba tsamba m'kope langa n'kumupatsa pamodzi ndi cholembera.

"Ndilembe chiyani? Kuti ikuyaka? Si iyi mukuiona ikuyaka?"

"Lembani kuti ndi yoyera, ndi yatsopano, ndipo mwandigulitsa ndinu."

Analemba, akupukusa mutu, n'kuuza mnzake wa shopu yoyandikana kuti kwabwera boma.

Nyaleyo ndinaimangirira pa mawaya awiri, chikhatho chimodzi pamwamba pa madzi. Madzulo ndikaiyesa, thanki yonse inkawala mpaka pamchenga. Ndinagona bwino kwa nthawi yoyamba chichokereni kumaliro.

Patatha masabata atatu, chomera cha nthenga chija chinayoyoka chonse n'kutsala timitengo. Cha masamba otambalala chinayamba kuonekera ngati pepala lonyowa, tsamba lililonse ukalikhudza n'kusungunuka m'zala. Udzu wautali uja, umene unali mapando khumi ndi awiri pamene ndinkaubweretsa, unatsala asanu ndi awiri. Ndinayang'ana m'kope. Palibe tsiku limene ndinaphonya. Maola anali okwana, dzuwa silinkafika, madzi ndinkasintha ndowa imodzi Loweruka lililonse. Pepala la mwana linati masamba akamasungunuka, kuwala kwachepa. Ndiye wolakwa akanakhala ndani, kupatula nyale ndi amene anaigulitsa?

Ndinalemba kalata ya masamba awiri, ndi kaboni pansi kuti inenso nditsale ndi yanga. Ndinatenga katoni ya nyale, lisiti lija, ndi tsamba limodzi lovunda mu envelopu, n'kubwerera ku Liwonde. Minibasi inaima paliponse pamene panali munthu ngakhale wongodutsa, ndipo ndinafika mawondo akuwawa, mtima utatentha kale.

Ndinayala zonse patebulo pake. Anatsegula envelopu, n'kununkhiza, n'kuibweza.

"Ambuje, nyale yanga yapsa?"

"Siyinapse."

"Ikuthima yokha?"

"Iyayi. Koma ilibe mphamvu. Pakatoni alemba zina, mkati muli zina. Mundisinthire."

"Ndikusinthireni chinthu choyaka? Mawa wina adzabwera kuti babu langa lamulepheretsa kubereka mbuzi."

Anthu odikira minibasi anayamba kusonkhana. Ine, munthu amene ndakhala mkulu wa mpingo zaka zonsezi, ndinakweza mawu pamsika. Ndinamunena kuti ndi kathyali, wodyera okalamba masuku pamutu. Ndinamuwerengera kalata yonse mokweza, masamba onse awiri. Iye anasiya kuseka. Anangoti, "Mwatha, ambuje? Pitani bwino," n'kutembenukira kwa mayi amene ankafuna tchaja.

Pobwerera ndinatsikira ku Balaka n'kugula nyale yaikulu ya makona anayi, ya mtundu umene amaika panja pa magolosale kuopseza akuba. Ndinati ngati vuto ndi kuchepa kwa kuwala, tione. Nyale imeneyo inkadya batire lonse dzuwa lisanalowe. Madzulo tinkadya ndi tochi, wailesi ili chete, mafoni tikukatchajitsa kumsika. Akazi anga sanadandaule kwambiri. Anangoti tsiku lina, "Nsombazi zikudya bwino kuposa eni nyumba."

Koma udzu unapitirira kufa. Asanu, kenako anayi. Ndinkabwera kudimba nditatopa ndi keni yothirira tomato, n'kukhala pampando kuyang'ana thanki, osadziwanso chochita. Kawiri konse ndinapeza kaulusi kofiira katayandama pamadzi. Ndinakavuula, n'kukaika mu envelopu, n'kulemba tsiku lake. Sindinadziwe kuti ndikukasungiranji. Ndimangosunga.

Mu Okutobala chitsime cha kudimba chinaphwa. Tsiku lina ndinatunga makeni anayi okha, achisanu n'kutuluka matope, ndiye ndinabwerera kunyumba cha m'ma teni. Ndinali ndisanabwerepo nthawi imeneyo chiyambireni chilimwe.

Nditalowa pabalaza ndinapeza nyale yaikulu ija ikuyaka ndi mphamvu zake zonse. Pansi pake, pamwamba pa thanki, panali patayalidwa nsalu yokhuthala yopeta maluwa ofiira, imene akazi anga anasoka kubungwe la amayi, yopindidwa pawiri, yokwanira bwino mbali zonse zinayi mpaka kutsikira m'magalasi. Nyale inkawalitsa maluwa opetawo. Ndinakweza ngodya imodzi. M'katimo munali mdima ngati mumtsuko.

"Mayi!"

Anabwera kuchokera kuseri, manja ali ndi thovu la sopo.

"Ichi n'chiyani?"

"Nsalu."

"Ndikuona kuti ndi nsalu. Ikutani apa?"

"Nanga madzi angakhale pululu tsiku lonse? Malole akamadutsa pamsewupa fumbi lonse limathera muno. Abuluzi nawo padengapa sasankha pogwetsera. Inu munaonapo madzi a m'nyumba osavundikira?"

"Mwayamba liti?"

"Tsiku lomwe munailowetsa m'nyumba. Mukangotuluka ndimavundikira, ndikamapatsa nsomba chakudya ndimavundukula, fumbi litachepa."

"Nanga nyaleyi mumati ikuyakiranji?"

"Kutentha kumadutsa, bambo. Ndinayesa ndi dzanja pansi pa nsalu, ndinamva. Si mmene timachitira ndi anapiye? Nyale pamwamba, chiguduli pa dengu."

Ndinakhala pansi. Kenako ndinayamba kukalipa. Ndinawerenga masabata, ndinatchula maulendo a ku Liwonde ndi ku Balaka, ndinatchula zomera ziwiri zimene zinatheratu. Ndinati nyale si yofunditsa nsomba, nyale ndi chakudya cha masamba, mwana wa sitandade faifi amadziwa zimenezo. Anandisiya mpaka ndinatha, akupukuta manja pachitenje.

"Munandiuza?"

"Zinalembedwa. Mwana analemba yekha papepala."

"Pepalalo lili kuti?"

"M'bokosi."

"Kiyi wa bokosi ali kuti?"

Kiyi anali m'thumba mwanga, pachingwe chimene ndimamangirira ku lamba. Wakhala pamenepo zaka zonse za ukwati wathu.

"Ndiye mwana analemba, inu mwawerenga, mwatsekera," anatero. "Ine ndikungoona munthu akugula nyale, akumasula nyale, akulemba m'kope, akupumira m'mwamba. Ndimati ndi mmene mukulirira, ndisakusokonezeni. Inenso ndimasamala mmene ndikudziwira. Kodi mwanayo anali wanu nokha?"

Ndinamasula kiyi ku lamba. Ndinatsegula bokosi, n'kutulutsa envelopu, n'kuwawerengera. Anati ndibwereze. Nditabwereza anatambasula dzanja, ndinawapatsa pepalalo, ndipo analiyang'ana nthawi yaitali. Sanalowe kuchipinda. Anangoti mwanayo chilembo cha "m" sanachiphunzire bwino mpaka kukula, n'kukhala pampando winawo.

Kenako anati, "Koma madzi osavundikira m'nyumba mwanga, iyayi. Zimenezo ndiye sindilola."

Ndinayamba kutsegula pakamwa kuti tiyambirenso, koma anandidula. "Windo limatchinga fumbi, kuwala n'kumalowa. Bwanji osaika galasi?"

Ine mlangizi wa zaka zonse zija sindinaganizepo zimenezo.

Mawa lake ndinapita ku Balaka ndi zingwe ziwiri, cha m'litali ndi cha m'lifupi, kwa munthu wodula magalasi a mawindo. Ndinamuuza achepetseko pang'ono mbali imodzi kuti mpweya uzilowa, ndiponso apale m'mphepete kuti lisacheke munthu. Galasi litakhala pamalo pake, ndinasiya nyale yaikulu ija masiku anayi kuti ndione. Tsiku lachinayi ndere zinali zitayamba kale kumera pagalasi lakutsogolo, ndipo tinsomba tinkabisala kuseri kwa mwala. Pepala linali litanena: ndere zikachuluka, kuwala kwachuluka. Ndinaimasula n'kukaipachika kukhola la mbuzi, kumene imayaka kanthawi kochepa tikamva agalu. Kenako ndinatsegula bokosi n'kutulutsa nyale yopyapyala ya ku Liwonde, imene ndinaisunga m'katoni yake ngati umboni wa mlandu, n'kuibwezera pa mawaya ake.

Pofika nthawi imeneyo udzu unali utatsala mapando awiri, masamba ake aafupi, otuwa. Ndinayamba ndi maola asanu ndi limodzi, poopa ndere, kenako ndinafika pa asanu ndi atatu. Sabata yoyamba palibe chinasintha. Yachiwiri chimodzimodzi, kungoti palibe tsamba linasungunuka. Sabata yachitatu ndikuchokera kudimba ndinapeza akazi anga atagwada patsogolo pa thanki, magalasi awo a m'maso ali pamphuno.

"Tabwerani muone. Aka sikanalipo dzulo."

Pakati pa phando limodzi panali katsamba katsopano, kobiriwira bwino, kotalika ngati chikhadabo. Mwezi wotsatira phando lomwelo linaponya kamtsitsi pamwamba pa mchenga, ndipo kumapeto kwake kunamera kamwana.

Zomera zina ziwiri zija zinapita. Anthu amandiuza kuti za mtundu womwewo zilipo zambiri m'mbali mwa Shire, ndingopempha asodzi andizulire. Mwina zilipodi. Koma sizikhala zimene iye anadzala, ndipo ndilibe mphamvu zoyambanso kuphunzira chomera china.

Panatsala ulendo umodzi umene ndinauzengereza mpaka mvula itagwa. Akazi anga ndi amene anandikumbutsa, kawiri, kuti pali munthu amene ndinamutukwana pagulu. Ndinapita kwa mwini kashopu uja ku Liwonde. Atandiona ndikubwera ndi chikwama changa cha mapepala anaika manja onse patebulo ngati munthu wodikira jekeseni.

"Ambuje. Lero tawononga chiyani?"

Ndinamufotokozera za nsalu. Ndinafotokoza mwachidule mmene ndikanathera, koma iye anafuna kumva zonse, mpaka za anapiye. Sanaseke mokweza. Anaitana mnzake wa shopu yoyandikana uja kuti adzamve nawo.

"Ndiye nyale yanga inalibe mlandu?"

"Inalibe."

"Ine si kathyali?"

"Si inu kathyali. Ndinalakwa, pepani."

Anasuzumira pansi pa tebulo, n'kutulutsa chidutswa cha katoni ndi cholembera, n'kuzikankhira kwa ine.

"Lembani, ambuje."

Ndinakana katoniyo. Ndinatulutsa kope langa ndi kaboni, n'kulemba kuti nyale imene ndinagula pashopu imeneyi inali yabwino, kuti mawu amene ndinalankhula pamalo ano ndawabweza, ndipo ndinasaina. Tsamba lapamwamba ndinamupatsa. Analikhoma ndi kamsomali pakhoma, pakati pa matchaja ndi mawaya. Lakaboni lili m'bokosi, nditaliphatikiza ndi kalata yodandaula ija, lisiti, ndi envelopu ya timaulusi tofiira.

Pepala la mwana lokha ndi limene silinabwererenso m'bokosi. Lili m'pulasitiki, pakhoma pamwamba pa thanki. Nsalu yopeta ija tsopano ili pansi pa thanki, patebulo. Kuyatsa ndi kuzimitsa akuchita ndi akazi anga, ine ndimangolemba nthawi imene andiuza, ndipo masiku ena amaiwala kuyang'ana wotchi, ndiye ndimasiya mpata wopanda kanthu m'kope. Udzu wafika mapando asanu ndi anayi.

Alamu anga a ku Chikweo anabwera pa Khirisimasi. Anaima patsogolo pa thanki, manja kumbuyo, n'kunena kuti nyale iyi ndi yowala bwino kuposa ija anatenga, imene akuti inapsa kalekale. Anafunsa kumene ndinaigula. Ndinawauza kuti ndaiwala.